Imvi za Mfumu Sindikalamba

Mukadutsa phiri la Tilembeni n'kuwoloka mtsinje wa Sizitikhudza, mumafika m'dziko la Tidikire, kumene anthu ake amadziwika ndi luso limodzi lokha, luso loima pamzere. Likulu la dzikoli ndi Bweranimawa, ndipo pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Sindikalamba Wachiwiri. Malume ake, Sindikalamba Woyamba, anamwalira ali ndi zaka 97, ndipo chikalata cha kunyumba yachifumu chinalengeza kuti anafa mwadzidzidzi akadali wanthete.

Dzikoli linali ndi lamulo lakale limene makolo anasiya: mfumu ikamera imvi, ichoke pampando ipatse mphwake, nduna ikamera imvi, inyamule katundu ibwerere kumudzi. Pofuna kuti pasakhale chinyengo, chaka chilichonse m'mwezi wa Okutobala kunkachitika mwambo wa Kuonetsa Mitu. Mfumu ndi nduna zake khumi ndi ziwiri ankakwera pansanja pakati pa msika wa Zakwera, n'kuvula zisoti ndi zipewa kuti anthu adzionere okha. Chodabwitsa n'chakuti chikhazikitsireni lamulolo, panalibe mfumu kapena nduna imene inamerapo imvi ngakhale imodzi.

Pa nthawiyo, chozizwitsa chimenechi chinali m'manja mwa mayi mmodzi, Felesiya Nankhoma, amene aliyense ankangowatchula kuti aNankhoma. Udindo wawo m'mabuku a boma unali Wotsuka Nzeru za Ufumu. Lolemba lililonse m'mawa, mfumu ndi nduna ankagona chagada pamabenchi, nsalu itaphimba kumaso, ndipo aNankhoma ankadutsa mutu ndi mutu ndi beseni la zimene zinkatchedwa madzi a makolo. M'madzimo munali makala a mtengo wa tsanya opera bwino, mafuta a nsatsi, ndi khungwa lina limene sitilitchula pano kuopa kupha msika wa anthu ena. Mutu ukachoka m'manja mwa aNankhoma unkachita kunyezimira kuda kwake.

Nduna iliyonse inkadziwa za mutu wake, koma inkaganiza kuti anzake onse ndi akuda tsitsi mwachibadwa. Beseni likafika pa iyo, inkanong'ona pansi pa nsalu kuti, "Mayi, vutoli ndili nalo ndekha, eti?"

"Ndinu nokha, bwana," ankayankha aNankhoma. "Ndipo ndi ziwiri zitatu chabe."

Mfumu yokha siinkafunsa kanthu. Iyo inkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ukalamba umaiopa.

Zaka makumi anayi akugwira ntchitoyi, manja a aNankhoma anada mpaka m'mikono, moti pa ukwati wa mwana wawo achibale a kuchimuna ankaganiza kuti avala magolovesi. Msana unapindika chifukwa choweramira mitu khumi ndi itatu sabata ndi sabata, ndipo mawondo ankalira akamakwera masitepe a nyumba yachifumu. Sankadandaula, chifukwa mtima wawo unali pa chinthu chimodzi. M'dziko la Tidikire, wantchito wa boma akafika zaka zopumira ankalandira penshoni ya mwezi ndi mwezi, komanso mpando wa ndalema wokhala ndi chidindo cha mfumu kumsana. Penshoniyo inali yogulira mchere ndi sopo basi. Ulemu wonse unali pa mpandowo, ndipo aNankhoma ankaufuna kwambiri, mpaka kuulota masana.

Pamene aNankhoma ankayamba ntchito ali mtsikana, amayi ankapuma pa zaka 50. Atakwanitsa 49 anamanga khonde kwawo ku Khalapansi, atayeza bwinobwino ndi chingwe kuti mpando wa ndalema udzakwanepo ndi malo otambasulira miyendo. Anzawo a kuntchito anasonkherana n'kudinditsa nsalu ya phwando lotsanzikana, ya maluwa achikasu, yolembedwa kuti "Pumani Bwino aNankhoma, 50." Kutatsala miyezi inayi, lamulo linasintha, zaka zinakhala 55. Anadikira. Kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti akwanitse 55, zaka zinakhala 60. Anadikiranso, monga mwana weniweni wa dzikolo. Pa khonde paja nkhuku zinayamba kuikirapo mazira, ndipo mnzawo wapamtima, aNasibeko osesa m'khonsolo ya nduna, anamwalira ali ndi 58 asanaukhudze n'komwe mpando wawo.

Tsopano aNankhoma anali atatsala ndi masiku asanu okha. Loweruka la sabata limenelo anali oti akwanitsa zaka 60.

Lolemba limenelo anatsuka mitu akuimba chamumtima. Atamaliza, akusonkhanitsa mabeseni ndi matawulo kuseri kwa mipando, khonsolo inayamba zokambirana, pakuti m'maso mwa akuluakuluwo mayi wonyamula beseni analibe makutu. Woyamba kuimirira anali Nduna ya Zaka ndi Makalendala, a Onjezani Phwitiko, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene tsitsi lake linali likudonthabe madzi a makolo m'kolala. Iwowa ndiwo ankasunga kaundula wa zaka za anthu onse, ndipo mwina n'chifukwa chake anali atakhala ndi zaka 64 kwa zaka khumi ndi ziwiri.

"Mfumu yanga, inu amene dzuwa limayamba lakupemphani chilolezo lisanatuluke," anatero a Onjezani, "amayi a dziko lino akhala akulira kuti sitiwalemekeza mofanana ndi abambo. Abambo amapuma pa 65. Nanga amayi tiziwathamangitsiranji pa 60, ngati kuti ndi ofooka? Kumeneko n'kuwanyoza. Tiwapatse ulemu wogwira ntchito zaka zina zisanu."

Nduna zinawomba m'manja. Nduna ya Mipando inaonjezapo kuti ulemu umenewu wabwera pa nthawi yake, chifukwa matabwa amene anali oti akhomere mipando ya ndalema anathera pa mipando yatsopano ya khonsolo.

"Koma kodi amayiwo sanatope?" inafunsa mfumu, imene nthawi zina inkakhala ndi mafunso a munthu wabwinobwino.

"Kutopa kunatha m'dziko muno, mfumu yanga, ndipo umboni uli m'chipinda mom'muno. Taonani mitu yathu. Tonse pano tinabadwa kalekale, ngakhale kuti kaundula amatikomera mtima, koma pali amene ali ndi imvi? Ngati ife, amene timasenza dziko lonse pamutu, sitikukalamba, angakalambe bwanji mayi amene amangosenza mtsuko? Mu ulamuliro wanu anthu a ku Tidikire anasiya kukalamba. Imvi zinatha."

Mfumu inayang'ana mitu khumi ndi iwiri yakuda bii, inasisita wake, ndipo inakhutira. Lamulo linalembedwa nthawi yomweyo: popeza imvi zinatha m'dziko la Tidikire, amayi azipuma pa zaka 65, kuyambira Lachisanu likubwerali.

Beseni linapulumuka m'manja mwa aNankhoma n'kugubuduka mpaka pamapazi a mfumu. Palibe anatembenuka. Iwo anaima pomwepo, akuyang'ana manja awo akudawo, ndipo zinawapweteka kwambiri kuona kuti umboni wowamana mpando anaupanga okha m'mawa womwewo.

ANankhoma anawadikira a Onjezani pakhomo, n'kugwada monga mwa ulemu, mawondo akudandaula.

"Bwana, ine ndikukwanitsa 60 Loweruka lino."

"Mwachita bwino, mayi. Tikukufunirani zabwino zonse."

"Ndimati mwina lamulolo likanayamba Lamulungu."

"Lamulungu ndi tsiku lopuma," anatero a Onjezani modekha. "Lamulo lochedwetsa kupuma silingayambe pa tsiku lopuma. Anthu angasokonezeke."

"Nanga bwanji simunatiuze kale, bwana, kuti tikonzeke? Ine ndinatumiza kale katundu kumudzi. Ndatsala ndi mphasa ndi kapu imodzi."

"Tinakuuzani. Kalata yochenjeza amayi inalembedwa zaka zitatu zapitazo, ili m'kabati mwanga. Aliyense wofuna kuiwerenga akanatha kudzapempha kiyi." Anawagwira paphewa mwachifundo. "Musade nkhawa, ndi zisanu zokha. Mukadali mtsikana inu."

Madzulo ake aNankhoma anatenga nsalu yawo ya maluwa achikasu n'kupita ku msika wa Zakwera, kwa Abiti Mdoka, telala amene ankasoka pakhonde la golosale. Abiti Mdoka ndiwo anasoka chigamba cha 55 pamwamba pa 50, kenako cha 60 pamwamba pa 55. Tsikulo aNankhoma anapeza mzere wafika mpaka kwa ogulitsa tomato. Munali aphunzitsi, anamwino, osesa m'maofesi, ophika m'sukulu zogonera komweko, aliyense ndi nsalu yake ya phwando m'khwapa. Nkhani inali itafika kale kumsika, pakuti ku Tidikire malamulo oipa okha ndiwo sachedwa panjira.

"Ine ndinaphunzitsa mwana, ndinadzaphunzitsanso mwana wa mwanayo," ankatero mphunzitsi wina wa magalasi okhuthala. "Tsopano akuti ndidikire mdzukulu. Ndipotu banja limenelo masamu silimva."

"Inu zanu zili bwino," anayankha namwino amene anali kumbuyo kwake. "Ine ndikalowa m'wodi, odwala amadzuka n'kundipatsa bedi."

"Akuti atipatsa ulemu," anatero wosesa wina. "Ndiwafunse kuti ulemuwo ukhalika? Ine ndimafuna chinthu cha miyendo inayi."

Anaseka onse, kuseka kwa anthu amene alira kale kunyumba. Itafika nthawi ya aNankhoma, Abiti Mdoka anatambasula nsaluyo, anaiyang'ana padzuwa, n'kupukusa mutu.

"Achemwali, nsaluyi yatopa kuposa inu. Maluwa anafwifwa, pakati panayamba kuonekera. Ndikaikanso chigamba pano, pa phwandolo mudzavala nambala yokhayokha." Anaika singano pakamwa, kenako anaichotsa. "Inu mumakhala nawo komweko. Akuti chifukwa chake n'chiyani ulendo uno?"

"Akuti imvi zinatha m'dziko muno. Umboni wake ndi mitu yawo."

Abiti Mdoka anayang'ana mitu ya amayi onse amene anali pamzere, imene imvi zinkasuzumira m'mphepete mwa maduku. Kenako anayang'ana manja a aNankhoma, nthawi yaitali ndithu. ANankhoma anawabisa m'chitenje, chifukwa analumbira polowa ntchito kuti za m'beseni sadzaulula kwa munthu.

"Sindinafunse kanthu," anatero Abiti Mdoka. "Ndingoti chigambachi ndisasoke kaye. Ulusi wadula."

ANankhoma anabwerera ndi nsalu yawo yosasokedwa. Panjira yonse mawu a lamulo aja ankawazungulira m'mutu: imvi zinatha m'dziko la Tidikire. Pofika pachipata cha nyumba yachifumu anapezeka akumwetulira, mpaka mlonda anawafunsa ngati atola ndalama. Iwo anali mayi womvera. Zaka makumi anayi sanatsutsepo lamulo, ndipo sanafune kuyamba atakula. Ngati mfumu ndi khonsolo yonse adinda chidindo kuti imvi kulibe, ndiye kuti wantchito amene angabwere ndi mankhwala odetsera imvi akunena kuti mfumu ndi yabodza. Mlandu woterowo iwo sakanautha.

Lolemba lotsatira, m'beseni munali madzi a pachitsime ndi sopo wabwino. Anatsuka mitu khumi ndi itatu mwachikondi kuposa kale, akukanda mpaka m'mizu, ndipo nduna zina zinayamikira kuti lero mutu wapepuka.

Sabata yoyamba tsitsi linangofwifwa pang'ono. Sabata yachiwiri, Nduna ya Mipando inabwera ku khonsolo itavala chipewa, ikuti ili ndi chimfine. Pofika Lachinayi chimfinecho chinali chitagwira nduna zisanu ndi ziwiri. Sabata yachitatu khonsolo inakhazikitsa Mwezi wa Zipewa, pofuna kulimbikitsa ntchito za manja, ndipo kumsika zipewa zinatha mpaka za mlaza zoopsezera mbalame. Nduna iliyonse inkaganiza kuti yabisa bwino, ndipo inkathokoza mumtima kuti anzake avomera zipewazo mosavuta.

Za mfumu zinali zina. Antchito a m'nyumba anaona zimene zinkachitika pansi pa chisoti, koma ndani akanayamba kunena? Anangochotsa magalasi onse oonera nkhope, n'kunena kuti apita kokapukutidwa. Mfumu inapitiriza kuyenda monyada, mutu ukuyera tsiku ndi tsiku.

A Onjezani anawapeza aNankhoma akuyanika matawulo kuseri kwa khitchini. Anayang'ana uku ndi uku asanayankhule.

"Mayi, zija zija mwachepetsa?"

"Ziti, bwana?"

"Za m'beseni. Mutu wanga ukuoneka ngati ndagona m'chigayo."

"Sizingatheke, bwana. Imvi zinatha. Munanena nokha, mfumu inadinda. Ine ndine yani kuti nditsutse lamulo ndi beseni?"

"Ndikhoza kukuchotsani ntchito."

"Ndingathokoze, bwana. Koma pa kalatayo mudzalembe chifukwa chake, kuti khonsolo yonse iwerenge."

A Onjezani anakokera chipewa chawo mpaka m'makutu n'kumapita. Kukawaneneza kunafunika kuvula chipewa, ndipo kuvula chipewa kunali kubwerera kumudzi kumene sanapondeko zaka makumi atatu.

Tsiku la Kuonetsa Mitu linafika, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Msika wa Zakwera unadzaza mpaka anthu ena anakwera pamadenga a mabenchi a nsomba. Amayi onse a pamzere wa Abiti Mdoka anabwera atavala nsalu zawo za zigamba, n'kukhala kutsogolo. ANankhoma anaima kumbali kwa nsanja ndi beseni ndi tawulo, monga mwa udindo wawo. Ankadziwa kuti tsikulo likhoza kuthera pa mpando wa ndalema kapena pa simenti ya kundende.

Nduna iliyonse inali itayesa nzeru zake m'mawa umenewo. Ina inadzola mwaye wa m'khitchini, ina inki ya ku ofesi, ina makala osasakaniza ndi kanthu. A Onjezani, monga munthu wophunzira, anagula polishi wa nsapato. Koma mwambo unkafuna kuti mitu isanaonetsedwe pakhale zokamba, ndipo woyankhula wamkulu anali a Onjezani omwewo, amene sankadziwa kufupikitsa. Anayankhula maola awiri za unyamata wa dziko la Tidikire. Ola loyamba lisanathe, mizere yakuda inayamba kutsika kuchokera m'chipewa, kudutsa pamphumi, kuzungulira mphuno, n'kukagwera pa malaya oyera. Nduna zinzawo nazonso zinkachucha, iyi mwaye, iyo inki, ndipo zinkapukuta ndi mipango mpaka zonse zimene zinadzola zinathera m'mipangomo.

Ng'oma inalira. Zipewa khumi ndi ziwiri zinavulidwa, ndipo mfumu inachotsa chisoti chake ndi manja awiri, ikumwetulira.

Msika wonse unangoti zii. Pansanja panali mitu khumi ndi itatu yoyera, ina ya mawangamawanga, koma wa mfumu woyera mbee kuposa yonse. Nduna zinayang'anana, iliyonse ikudabwa kuti mnzake nayenso, ndipo zina zinaoneka ngati zapepukidwa mumtima. Kenako mayi wina wogulitsa tomato anayankhula, osakweza mawu, ngati akuuza mnzake za nyengo.

"Thonje lachita bwino chaka chino."

Kuseka kunayambira kwa ogulitsa tomato, kunadutsa kwa a kaunjika, mpaka kukafika pamadenga a nsomba. Mfumu nayonso inaseka, ikuloza nduna zake, mpaka inazindikira kuti maso a anthu sali pa nduna. Inaitanitsa galasi kwa wogulitsa zipeso amene anali pafupi. Inadziyang'ana kanthawi, inatembenuza galasilo kuti ione ngati kumbuyo kuli nkhalamba ina, kenako inakhala pansi mwakachetechete. Chapatali, mphwake wa mfumu, amene anadikira mpandowo mpaka mano ake kutha, anayamba kukonza kolala ya jekete.

"Nankhoma," inaitana mfumu motsitsa mawu. Iwo anayandikira n'kugwada. "N'chiyani chimenechi?"

"Ndi mutu wanu, mfumu."

"Unayamba liti?"

"Chaka chimene kunagwa dzombe, mfumu. Mwana wanga woyamba asanabadwe."

Mfumu inawerenga ndi zala, zala zinatha. "Ndiye masiku onsewa munali inu?"

"Ndinali ine ndi beseni. Koma mutalamula kuti imvi zinatha, ndinaopa kukutsutsani."

Mfumu Sindikalamba inali yonyada, koma siinali chitsiru. Inayang'ana mphwake, amene tsopano ankapukuta nsapato ndi mpango. Inayang'ana amayi a zigamba atakhala kutsogolo, manja ali pamiyendo, akudikira monga mwa luso la dziko lawo.

"Mungaubweze pofika mawa?"

"Ndingaubweze pofika madzulo ano, mfumu. Makala ndili nawo."

"Mukufuna chiyani?"

Apa aNankhoma ananena zimene anazisunga mumtima zaka khumi. "Ndatopa, mfumu. Msanawu si wanganso. Ndikufuna mpando wanga ndikadali ndi mphamvu yoti ndikhalepo n'kudzukapo ndekha. ANasibeko anadikira mpaka tinakawaika. Ndipo si ine ndekha. Amayi mukuwaonawa anakonza maphwando katatu."

A Onjezani, amene ankamvetsera nkhope ili ngati nsapato yopukutidwa theka, analowererapo. "Mfumu yanga, izi sizingatheke. Mayiwa akapuma, adzatitsuka ndani? Chinsinsi chimenechi sichingaperekedwe kwa munthu wamba."

"Akunena zoona bwanawa," anatero aNankhoma. "Chimafunika munthu wodalirika, wa m'khonsolo momwemo, amene sali pafupi kupuma. Ine ndamva kuti bwanawa zaka zawo siziyenda."

Mfumu inawayang'ana a Onjezani kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo nkhope yake inayamba kuwala.

Tsiku lomwelo mfumu inaimirira n'kulengeza malamulo atatu. Loyamba linati zimene anthu aona pansanja ndi fumbi la ufa lochokera ku chigayo cha kuseri kwa msika, ndipo chigayocho chadzudzulidwa. Lachiwiri linati, mwa chifundo chake chosayerekezeka, mfumu yabweza zaka zopumira amayi pa 60, ndipo mipando yatsopano ya khonsolo iphwasulidwe kuti matabwa ake akhomere mipando ya ndalema. Lachitatu linati a Onjezani Phwitiko akwezedwa pa udindo kukhala Wotsuka Nzeru za Ufumu, ndipo adzagwira ntchitoyo mpaka adzakwanitse zaka 65 monga mwa kaundula, amene tsopano watsekeredwa m'kabati ya mfumu kuti asasinthidwenso.

Anthu a ku Tidikire anavomereza kuti linalidi fumbi. Ena mpaka anachitira umboni kuti analiona likuuluka. Mphwake wa mfumu anavula jekete lake n'kulipinda bwinobwino, kuti lidikire chaka china.

Phwando la aNankhoma linachitika ndi nsalu yomwe ija, chigamba cha 60 chili pamalo pake, ndipo Abiti Mdoka anavina mpaka duku kugwa. Mpando unafika ku Khalapansi pa ngolo, chidindo cha mfumu chili kumsana. Nkhuku zinasamutsidwa mwaulemu. Mpandowo unakwana pakhonde ndendende monga chingwe chinanenera zaka khumi zapitazo, ndipo aNankhoma atakhalapo n'kutambasula miyendo, analira pang'ono, kenako anagona tulo mpaka mbuzi kubwera kubusa.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, masana ena, pabwalo panafika munthu wamfupi woyenda chowerama, atagwira msana ndi dzanja limodzi. Manja ake anali akuda mpaka m'mikono. Tsitsi lake linali lakuda bii, lonyezimira, ntchito yooneka kuti mwini wake waiphunzira bwino. Anaodira, anapatsidwa mphasa, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a aNankhoma.

"Mwayenda bwanji, bwana?"

"Ndayenda ndi msana, mayi," anatero a Onjezani. "Mitu ija ndi yolemera. Sindinkadziwa. Nduna ya Mipando imafuna kukandidwa kawiri, ndipo aliyense amandifunsa ngati vutolo ali nalo yekha."

"Mumati chiyani?"

"Ndimati ndi ziwiri zitatu chabe." Anapumira m'mwamba, n'kutulutsa pepala m'thumba. "Mayi, ndabwera ndi pempho. Kaundula akuti ndili ndi 64, ndipo chaka chikatha amanenabe 64, chifukwa ndinalemba ndi inki yosafufutika kuti zizikhala choncho. Zoona zake n'zakuti ndili ndi 77. Mfumu yati ndikhoza kupuma ngati patapezeka mboni imene yandidziwa zaka makumi anayi, yoti isaine kuti ndine wokalamba. Anzanga onse akukana, akuti akasaina za ine anthu ayamba kuwerenga zawo. Mwatsala inu nokha."

ANankhoma analandira pepalalo ndi manja awiri. Manja awo anali atayamba kuyera, moti zikhadabo zinkaoneka. Analiwerenga pang'onopang'ono mpaka pansi, kenako anaweramira kutsogolo n'kuuyang'anitsitsa mutu wa mlendo wawo, mbali iyi ndi mbali iyo, monga munthu wodziwa ntchito. Sanapezemo imvi ngakhale imodzi.

"Koma bwana, ndisaine bodza? Taonani mutu wanu. Mukadali mnyamata inu."

"Mayi, msanawu..."

"Musade nkhawa," anatero aNankhoma mwachifundo, akuwabwezera pepala lija. Anaitanitsa thobwa kuti mlendo amwe asanabwerere, anatsamira mpando wawo wa ndalema, n'kutambasula miyendo. "Mudzabwere nalo pakatha zaka zisanu. Ndi zisanu zokha."